Mliri Utatha, Bambo Abwerera ku Ofesi

Pa 20 Malichi 2020, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, analengeza kuti Malawi ali pa ngozi chifukwa cha mliri wa COVID-19. Tsikulo n'kuti m'dziko muno musanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi, misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa, ndipo pa 2 Epulo odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe. M'masiku omwewo maofesi anauzidwa kuti antchito azigwira mosinthana, ena lero ena mawa, kupatula okhawo a ntchito zosati n'kuimitsa monga achipatala. Mabungwe ambiri othandiza anthu, makampani ena ndi maofesi a mayiko akunja anangouza antchito awo kuti anyamule makompyuta akagwirire ntchito kunyumba.

Abale ndi alongo, ambiri mwa ife kuno kunyanja tili ndi mwana, mlamu kapena mphwathu amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba kapena pa boma pathu pompano, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Malipiro a munthu mmodzi ameneyo ndi amene amalipira fizi ya ana a mchemwali wake, kugula feteleza wa mayi ake ndi kufolera nyumba ya kumudzi. Choncho nkhani ya kumene iye amagwirira ntchito, ndi mmene anabwererera ku ofesi mliri utazizira, ndi nkhani ya mbumba yonse.

M'bindikiro umene sunachitike

Tiyambe takumbutsana kuti dziko lathu silinatsekedwe ngati mayiko ena. Boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, koma ochita malonda m'misika ya ku Blantyre ndi ku Mzuzu anatuluka m'misewu kukana, ponena kuti njala idzawapha matenda asanawafike. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo. Dandaulo lalikulu linali lakuti boma silinafotokoze kuti osauka adzadya chiyani pa masiku onsewo. Ku South Africa, kumene m'bindikiro unayamba pa 27 Malichi, asilikali anali m'misewu ndipo munthu sankatuluka pakhomo popanda chifukwa chomveka. Kwathu kuno misika inali yotsegula ndipo misonkhano ya ndale inkadzaza mabwalo mpaka chisankho cha pa 23 Juni.

Tsono kugwirira ntchito kunyumba kunagwera anthu ochepa kwambiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Msodzi sangakokere chilimira pakhonde. Mayi wogulitsa usipa ayenera kupita padooko m'mamawa, wakabaza ayenera kupalasa, ndipo mu ofesi momwemo mesenjala, wosesa, dalaivala ndi mlonda ankapitabe tsiku ndi tsiku pamene mabwana awo anali kunyumba. Izi tisaziiwale pamene tikukamba za mavuto a amene anabwerera, pakuti alipo ambiri amene sanachokeko n'komwe.

Nyumba itasanduka ofesi

Amene anatumizidwa kunyumba anayamba ndi chisangalalo. Kunalibenso kudzuka mdima kuthamangira minibasi, kunalibe kusita malaya usiku. Komatu sabata ziwiri zisanathe anazindikira kuti nyumba ya zipinda ziwiri ya ku Ndirande kapena ku Area 25 siinamangidwe kuti ikhale ofesi. Tebulo lodyerapo ndi lomwelo loikapo kompyuta. Ana ali pakhomo tsiku lonse chifukwa sukulu ndi madrasa zatsekedwa. Bambo ali pakati pa msonkhano wa pa Zoom, tambala akulira kuseri, wogulitsa makala akuitana pageti, kenaka magetsi thii, kapena bandulo yatha mawu ali m'kamwa. Maofesi ena ankapereka ndalama ya intaneti, ena ayi, moti wantchito ankatapa m'thumba la ndiwo kuti agwire ntchito ya abwana.

Vuto lina linali la chikhalidwe chathu chomwe. Kwathu munthu akakhala pakhomo masana ndiye kuti ali ndi mpata. Mlendo akanena "odi" sitimubweza pakhomo, ndipo n'kovuta kuuza malume amene ayenda mtunda wautali kuti adikire maola awiri chifukwa muli pa msonkhano ndi anthu amene iwo sakuwaona. Amayi a ntchito za mu ofesi ndiwo anasenza katundu woposa. Bambo akatseka chitseko cha kuchipinda anthu ankalemekeza kuti ali pa ntchito, koma mayi akakhala pa kompyuta mwana ankabwerabe kudzafunsa za phala, apongozi ankayembekezerabe nsima pa nthawi yake, ndipo malipoti ankalembedwa usiku onse atagona.

Koma panalinso zokoma zimene sitingazibise. Mwezi wa Ramadhani wa chaka chimenecho unayamba kumapeto kwa Epulo, anthu ali m'nyumba. Abambo ambiri amene kwa zaka anali kufuturu ndi madzi ndi nthochi ali pa mzere wa magalimoto, anakhala pa mkeka limodzi ndi ana awo adhana ya Maghrib ikumveka. Popeza chiwerengero cha olowa mu mzikiti chinachepetsedwa, mabanja ambiri anaswali Tarawehe kunyumba, bambo kutsogolo, ana ndi mayi pambuyo. Ife aphunzitsi a madrasa tinalandira mafoni ochuluka kuchokera kwa abambo olemekezeka, a mataye awo, ofunsa monong'ona kuti tiwakumbutse masura ena, chifukwa atatu aja amene akhala nawo chiyambire unyamata sakanakwanira usiku wonse, ndipo mwana wa zaka khumi anali atayamba kuwakonza pambuyo. Sindikunena izi mowaseka. Ena mwa iwo anaphunzira m'mwezi umodzi zimene sanaphunzire m'zaka khumi.

Panabukanso funso limene ambiri sankaliyembekeza. Bwana sakukuona, kodi maola a ntchito ndi a yani? Alipo amene ankatsegula kompyuta m'mawa kuti aoneke kuti alipo, n'kupita kukayang'anira zomanga nyumba kapena kukagula mbuzi ku msika, malipiro n'kumalandira athunthu. Chipembedzo chathu sichisiyanitsa pakati pa ntchito yoonedwa ndi yosaonedwa. Mgwirizano wa ntchito ndi amana, ndipo ndalama ya maola amene munthu sanagwire ili ndi chikaiko pa uhalali wake ngakhale itadutsa ku banki bwinobwino. Kumbali inayi, alipo amene ankagwira kuyambira Subuhi mpaka pakati pa usiku chifukwa panalibenso belu lowaweruka, ndipo mabwana awo sanawonjezere ndi tambala yomwe. Amana ili mbali zonse ziwiri.

Kubwerera kunalibe tsiku limodzi

Palibe tsiku limene tinganene kuti Amalawi anabwerera ku ofesi. Sukulu zinayamba kutsegulidwa pa 7 Sepitembala 2020 kwa olemba mayeso, ena onse n'kutsatira mu Okutobala, ndipo maofesi ambiri anadzazanso m'miyezi yomweyo poganiza kuti mphepo yadutsa. Kenaka kunadza Januwale wa 2021. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, dziko linataya nduna ziwiri za boma, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia. Pulezidenti wa panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwanso, kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kunaletsedwa, zipatala zinasowa mpweya wothandizira odwala kupuma, ndipo antchito anabwezedwanso kunyumba. Katemera wa AstraZeneca anafika mu Malichi 2021. Mliri unakweranso pakati pa chaka chomwecho ndiponso mu Disembala, ndipo nthawi iliyonse maofesi ankatsegula ndi kutseka ngati chitseko cha pa mphepo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linadzanena pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lapansi. Pofika pamenepo, mabuku a boma anali atalemba Amalawi opitirira 2,600 amene anamwalira ndi matendawa.

Chiwerengero chimenechi chingaoneke chochepa poyerekeza ndi mayiko ena, koma imfa zambiri zodziwika zinagwa m'mizinda, pakati pa anthu achikulire a m'maofesi. Choncho wobwerera ku ntchito ankapeza mpando wopanda mwini. Kapu ya tiyi ikadali pa shelefu, dzina likadali pa chitseko, mafayilo ali momwe anawasiyira. Chowawa koposa n'chakuti ambiri sanathe kuperekeza mnzawoyo. Maliro a mliri ankaikidwa mofulumira, ndi anthu owerengeka, achipatala atavala zodzitetezera. Ife Asilamu tinazolowera kuika msanga, koma sitinazolowere janaza yopanda khamu, yopanda kusinthana mapewa ponyamula jeneza. Chisoni chimene sichinatuluke kumanda chinakatulukira ku ofesi miyezi itapita, munthu atatsegula kabati n'kupeza kalata yolembedwa ndi dzanja la malemu.

Apa pali ntchito imene anzake a malemu okha ndi amene angaigwire. Mayi wamasiye wa kumudzi sadziwa kuti mwamuna wake anali ndi ndalama za penshoni, za inshuwalansi kapena za SACCO ya ku ntchito, sadziwa fomu yoyenera kulemba kapena khomo loyenera kugogoda. Wogwira naye ntchito amadziwa zonsezi. Mabanja ena anayenda miyezi yambiri kulondola ndalama zimene mnzake wa malemu akanazitulutsa ndi mafoni awiri. Ngati ku ofesi kwanu kuli mpando wotere, ngakhale papita zaka, funsani ngati ana amasiye aja analandira zawo zonse.

Mantha nawo anabwerera limodzi ndi anthu. Wina akatsokomola mu ofesi onse ankatembenuka. Amene anachira ankaonedwa ngati akadali ndi kachilombo. Kupatsana moni wa m'manja, kumene kwa ife kumayenda limodzi ndi salamu, kunasanduka kugundana zigongono, ndipo zinatenga nthawi kuti dzanja libwerere m'dzanja popanda wina kuthamangira sanitaiza. Ena ankati kudziteteza n'kuchepa kwa chikhulupiriro, koma mbiri yathu siikuwavomereza. Khalifa Umar, Allah asangalale naye, anabwerera panjira atamva kuti ku Shamu kwagwa mliri, ndipo palibe amene angamunene kuti anali wochepa tawakkul.

Mtengo wa ulendo wa m'mawa

Walira mvula walira matope. Amene ankadandaula za phokoso la ana analandira kalata yowaitana ku ofesi, ndipo mwezi woyamba womwewo thumba linayamba kulankhula. Pa nthawi ya mliri minibasi zinalamulidwa kuchepetsa okwera, ndipo eni ake anakweza mtengo kuti apeze ya mafuta. Anthu atayambanso kukhala anayi pa mpando, okwera ankadandaula kuti mtengo sunabwerere pakale. Onjezani nkhomaliro ya ku tauni, nsapato, sopo wochapira, ndi mtsikana wolera mwana amene anabwezedwa kumudzi mu 2020 ndipo tsopano ayenera kufunidwanso. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100, ndipo pakati pa zaka zimenezi panali miyezi imene anthu ankagona pa mizere ya mafuta. Malipiro sanathamange liwiro lomwelo. Kumudzi kuno zinaonekera pa foni: ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money imene inkafika pa 28 inayamba kufika mochedwa, ndiponso yoperewera.

Inu amayi ndi abambo a kumudzi, mwana wanu akachepetsa zimene amatumiza musafulumire kunena kuti mkazi wake wamutsekereza. Nthawi zambiri amene wadya ndalamayo ndi kondakitala. Ndipo inu a ku tauni, ndi bwino kunena zoona kwa makolo kusiyana n'kukatenga katapila kuti muoneke kuti zikuyenda, popeza chiwongola dzanja chimenecho n'choletsedwa kwa ife ndipo chimameza malipiro a miyezi ya kutsogolo.

Chodabwitsa n'chakuti kwathu kuno si abwana okha amene anathetsa kugwirira ntchito kunyumba. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Ofesi ili ndi jenereta, nyumba ilibe. Ambiri amene anali ndi chilolezo chokhala kunyumba anabwerera okha, osaitanidwa, kutsatira pochajira kompyuta.

Mswala mu kabati

Kwa Msilamu, kubwerera ku ofesi kunadzutsanso nkhani yakale. Kunyumba swala ya Dhuhr ndi Asr zinkaswalidwa pa nthawi yake, madzi a wudhu ali pafupi, mswala uli poyala. Ku ofesi zonsezi zimafuna kulimbana. Pochitira wudhu ndi pa sinki ya kuchimbudzi, pamene anzako amadabwa kukuona ukutsuka mapazi. Poswalira ndi kuseri kwa kabati ya mafayilo kapena mu sitolo ya mapepala. Alongo athu ndiye amavutika koposa, chifukwa sangavule mpango pa sinki yoonekera ndipo sangaswali pakhonde podutsa anthu. Ambiri asanadze mliri anali atazolowera kuunjika swala zonse n'kukabweza usiku. Atalawa kwa miyezi ingapo kuswali pa nthawi, kubwerera ku chizolowezi chakale kunawalemera mu mtima, ndipo ena anabwera kudzafunsa chochita.

Yankho langa kwa iwo limakhala lomweli. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 33, amapereka ufulu wa chipembedzo kwa aliyense, komabe musayambe ndi kuwerengera abwana malamulo. Yambani ndi pempho laulemu, makamaka lolembedwa, lonena zinthu zenizeni: swala imodzi siipitirira mphindi khumi, Dhuhr imagwera pa nthawi ya nkhomaliro, Asr yokha ndi imene imafuna kuchoka pa desiki pang'ono, ndipo malo ofunika ndi kangodya koyera kokwana mswala. Za Lachisanu nenani nthawi imene mudzachoke ndi imene mudzabwerere, ndi mmene mudzabwezere mphindi zopitirira. Mliri unatisiyira mfundo yamphamvu imene kale tinalibe. Ngati ntchito inayenda kwa miyezi bwana osakuonani n'komwe, siingaime chifukwa mwachoka mphindi khumi. Mabwana ambiri, a mipingo ina, amavomera akaona kuti pempho ndi lolongosoka, ndipo ena amakhala oyamba kukumbutsa kuti nthawi yakwana.

Koma ndinenenso mosabisa kuti amene amaononga mwayi umenewu nthawi zambiri ndi ife tomwe. Munthu wapempha kupita ku Ijuma, khutuba yatha, swala yatha, iye n'kudzera ku msika, ku banki ndi kwa telala, n'kufika ku ofesi 3 koloko itadutsa. Mawa lake Msilamu wina akadzapempha, bwana amakumbukira woyamba uja.

Mahotela a kunyanja ndi nkhani ya alawansi

Pali njira ina imene kubwerera ku ofesi kunatikhudzira ife a m'mbali mwa nyanja mwachindunji. Mahotela a ku Mangochi, a ku Senga Bay ndi ena sadalira azungu okaona malo okha. Gawo lalikulu la malonda awo ndi misonkhano ya boma ndi ya mabungwe. Ndege zitaimitsidwa kuyambira mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala 2020, ndipo misonkhano itasamukira pa Zoom, zipinda zinakhala zopanda anthu. Ophika, operekera zakudya, ochapa ndi osamalira maluwa, amene ambiri ndi ana athu, anatumizidwa ku tchuthi chopanda malipiro kapena kuchotsedwa kumene. Wogulitsa chambo m'mbali mwa msewu ankaimika nsomba m'mwamba tsiku lonse popanda galimoto loima. Osema ziboliboli ndi oluka mikeka ndi mipando ya milaza anakhala ndi katundu wawo. Anthu a m'tauni atabwerera m'maofesi, magalimoto a mabungwe anayambanso kutsika ku Golomoti ndi kudutsa pa Liwonde, ndipo moto unayakanso m'makhitchini.

Komabe pali mbali ina imene sitiyenera kuitsinzinira. Mu Epulo 2021 kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zimene boma linapatula kuti zilimbane ndi mliri anaonetsa kuti zambiri zinasakazidwa, zina mwa izo pa maalawansi, pamene odwala ankasowa mpweya. Nduna imodzi inachotsedwa ndipo ogwira ntchito m'boma angapo anamangidwa. Mliri unaonetsa poyera kuti misonkhano yambiri imene anthu amayendera makilomita mazana ikhoza kuchitika munthu ali pa desiki yake. Nanga titani, popeza misonkhano yomweyo ndi imene imadyetsa ana athu a m'mahotela? Maganizo anga ndi akuti msonkhano woona, wofunika kuti anthu aonane maso, ubwere ndithu ndipo tidzaulandira. Koma kusayina alawansi ya masiku asanu pa msonkhano wa tsiku limodzi, kapena kusayina pamene sunapiteko, ndi kudya chuma cha anthu mopanda chilungamo, ngakhale ofesi yonse itamachita zomwezo. Chambo chogulidwa ndi ndalama yotero sichiiyeretsa.

Amene analibe kobwerera

Tikamakamba za kubwerera ku ntchito tikumbukirenso anyamata athu a ku Joni. M'bindikiro wa ku South Africa unatseka mashopu, malo odyera ndi ntchito za m'nyumba ndi m'minda ya maluwa zimene ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amagwira ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ntchito zimenezi zilibe kompyuta yonyamula. Kusagwira kunali kusalandira, lendi ikudikira. Mu Meyi 2020 mabasi anayamba kuwabweretsa kudzera pa chipata cha Mwanza, ndipo tonse tikukumbukira anthu opitirira 400 amene anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, kumene anasungidwa podikira zotsatira za kuyezedwa. Anafika kumudzi manja ali m'thumba, ena akuwathawa poopa matenda, iwo amene dzulo lake anali otumiza ndalama pa Mukuru. Zipata zitatsegulidwa ambiri anagulitsa njinga, mbuzi kapena malata n'kubwereranso, koma si onse amene anapeza malo awo akuwadikira.

Kunja mkangano sunathe msanga

M'mayiko olemera nkhani ya kubwerera ku ofesi inasanduka mkangano wa zaka. Mu Ogasiti 2023 kampani ya Zoom yeniyeniyo, imene inalemera chifukwa chothandiza anthu kukumana ali kutali, inauza antchito ake okhala pafupi ndi maofesi kuti azibwera masiku awiri pa sabata. Kampani ya Amazon inalamula kuti kuyambira mu Januwale 2025 antchito a m'maofesi azibwera masiku onse asanu. Mabwana amati anthu akakhala pamodzi amaphunzitsana ndipo wachinyamata wongolembedwa kumene amaphunzira poona akuluakulu. Pamenepa akunena zoona, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa kuti kuwerenga Qur'an bwino sikuphunziridwa pa foni mofanana ndi kukhala pamaso pa mwalimu.

Koma antchito nawo ali ndi umboni. Pulofesa Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anachita kafukufuku pa antchito opitirira 1,600 a kampani ya Trip.com ku China, amene anasindikizidwa mu 2024. Anawagawa pawiri: ena ankabwera ku ofesi masiku asanu, ena ankagwirira kunyumba masiku awiri pa sabata. Kagwiridwe ka ntchito ndi kukwezedwa pa udindo sizinasiyane, koma osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa ololedwa kukhala kunyumba, makamaka amayi ndi okhala kutali ndi ofesi. Ku China si ku Malawi, ndipo iwo magetsi sawavuta monga ife. Komabe bwana wa kuno amene ali ndi mayi woyamwitsa, kapena wantchito wodwazika kholo, angathe kuganizirapo tsiku limodzi kapena awiri m'malo motaya munthu waluso. Chisanafike 2020 pempho lotere likanasekedwa. Tsopano likhoza kukambidwa pa tebulo.

Foni ya usiku

Chimene chinatsalira m'nyumba zathu mliri utapita ndi gulu la WhatsApp la ku ntchito. Linatsegulidwa mu 2020 chifukwa panalibe njira ina yolankhulirana, koma anthu atabwerera ku ofesi silinatsekedwe. Kale munthu akaweruka ndiye kuti waweruka, za ku ntchito zidzaoneka mawa. Tsopano bwana amalemba 9 koloko usiku, Loweruka, ngakhale tsiku la Eid, ndipo amaona kuti uthenga wawerengedwa. Wantchito amapita ku ofesi masana monga kale, n'kubwera nayonso ofesi kunyumba m'thumba la malaya. Lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, koma maola a pa foni palibe amene amawawerenga. Ku France, kuyambira mu 2017, lamulo limakakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kukambirana ndi antchito awo za nthawi imene munthu ali ndi ufulu wosayankha mauthenga a ku ntchito. Kwathu zatsalira kwa munthu payekha kugwirizana ndi bwana wake kuti zadzidzidzi zenizeni aziimba foni, zina zonse zizidikira m'mawa.

Ku madrasa kusinthaku tinakuona pa ana. M'miyezi imene abambo anali pakhomo, ndi m'miyezi yoyamba madrasa atatsegulidwa, ana ena ankabwera phunziro la dzulo lili pamutu chifukwa panali wowamvetsera madzulo. Maofesi atadzaza, ana omwewo anayambanso kubwera ndi tsamba lomwe lija masiku atatu. Tikawafunsa amati ababa amafika mochedwa, kapena amafika ndithu koma amakhala pa foni. Pakati pa Maghrib ndi Isha pamakhala ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mwana wa mu Juzuu Amma amafuna mphindi khumi ndi zisanu zokha za nthawi imeneyo kuti awerenge sura yake kawiri, wina akumutsatira ndi chala pa tsamba.